Shifiti ya Usiku ku Makwasa

Wani koloko. Chiperoni chatsika,
chapumira pa magalasi a ofesi mpaka kuchita khungu.
Ndili ndekha ndi kompyuta, jekete la mlamu wanga,
ndi timakutu makumi anayi ndi tiwiri
tomwazikana m'fakitale monse:
tina pa boyila, tina m'mimba mwa chowumitsira,
tambiri pansi pa mabedi pomwe tiyi wagona kuti afote.
Amati masensa. Ine ndimati akazitape anga.

Pakapita masekondi khumi amanong'ona.
Mawu awo amakwawa m'mawaya abuluu a kudenga
n'kudzagwera m'nkhokwe muno, mzere pansi pa mzere:
nthawi, dzina, kutentha, chinyezi.
Sapereka moni. Safunsa za odwala kunyumba.

Funso langa ndimalemba mwachidule
poti nkhokweyi siimva miyambi:
ndipatse zonse za bedi lachisanu kuyambira teni koloko.
Imandikhuthulira ngati nandolo m'lichero,
ine n'kumasankha wofumbwa.

Lero wina wandikayikitsa.
Sensa folotini: 23.4.
Mphindi yapitayo: 23.4.
Ola lija magetsi anazima,
jenereta n'kutsokomola kawiri isanalire: 23.4.
Anzake akukwera, akutsika,
akunjenjemera ndi mphepo yochokera ku Thekerani,
iye nji, ngati mboni yogulidwa.
Chamoyo sichinena mawu amodzi usiku wonse.

Ndinatenga tochi.
Masitepe achitsulo amazizira mpaka m'kati mwa nsapato.
Pamwamba ndinapeza bambo Namakhwa
atakhala pa thumba, akusoka gulovesi,
zaka makumi atatu ndi chimodzi m'nyumba yofotetsera.
"Kamwana kanu kaja kadwala?"
Sanadikire yankho.
Anapisa mkono m'masamba mpaka m'chigongono,
anafumbata, anafinya,
n'kutsegula chikhatho pang'onopang'ono
kuona ngati mpirawo ugwirana kapena umasuka.
Ananunkhiza.
"Twente sikisi. Chepetsani mpweya wotentha,
mupsereza thukuta la anthu."

Tinagwada tonse awiri kunsi kwa bedi.
Kachipangizoko kanali kamoyo ndithu,
kagetsi kake kobiriwira kakuphethira,
koma pamphuno pake mavu anali atamanga nyumba yadothi,
zipinda zitatu, zomata bwino kuposa yomwe ndimachita lendi.
Usiku wonse kankandiuza zoona,
zoona za kuchipinda kwa mavu.

Ndinagumula ndi kiyi wa njinga.
Pofika pa mpando, uthenga unali utandipitirira kale panjira:
25.8.
Ndinaseka ndekha.
Sindidzawauza akuluwo kuti anaphonya ndi kachidutswa.

Tsono mizere yoposa chikwi ili apa, yonse yosokera.
Ndiifufute?
Abwana a ku Blantyre amakonda chithunzi chosalala,
chopanda chipsera, choti n'kuonetsa ogula.
Chala chinaima pamwamba pa batani, chinabwerera.
Ndinaisiya. Pambali pake ndinalemba: mavu.

Danga la ndemanga limalola zilembo makumi asanu basi.
Simungalowe mkono wa bambo Namakhwa,
wobiriwira mpaka m'zikhadabo.
Simungalowe fungo lija,
lokhala ngati apulo wodulidwa dzulo,
lomwe limauza munthu kuti tsamba lagonja.
Ndinayesapo kale. Kompyuta inadula mawu pakati.

Faifi koloko. Thirakitala yoyamba ikubuula pa chitunda.
Kunja kwa mpanda akudutsa othyola,
mitanga kumsana, mapulasitiki m'chiuno,
mawu awo okha ndiwo akuoneka m'nkhungu.
Chifuwa icho ndikuchidziwa: ndi amayi anga, Felesiya.
Masamba awiri ndi kansonga komwe athyole lero
adzandipeza usiku uno atavala manambala,
ndipo sindidzawazindikira.

Folotini akuti 24.9.
Akuti 24.7.
Ndikusainira buku, ndikufuna kiyi wa njinga,
ali ndi dothi kumano.